Zitseko za Reijo

Ikamakwana 3 koloko masana kuno ku Tampere kumakhala kutada kale.
Chipale chamata pawindo la ofesi,
khofi wazizira m'kapu ya Aulikki yomwe ndatenga osapempha,
ndipo kompyuta yangoti duu,
kachizindikiro kakuzungulirazungulira
ngati galu wofuna pogona.
Kenako yagwa. Akuti malo atha.

Ntchito ya pulogalamuyi ndi yochepa:
kuwerenga zitseko papulani ya chipatala
n'kupatsa chilichonse nambala yake.
Adailemba ndi Reijo Hakkarainen, m'chinenero cha Lisp,
ine ndisanadziwe n'komwe kupalasa njinga.
Zaka zonsezi siinadandaulepo.

Ndatsegula.
Mikutiramawu yokhayokha, wina m'mimba mwa unzake,
ndipo ndayamba n'kuikayikira iyoyo, monga timachitira tonse.
Chala pagalasi: wotsegula, wotseka,
khumi ndi isanu ndi iwiri uku,
khumi ndi isanu ndi iwiri uko.
Palibe wosowa.
Ndaipepesa chamumtima.

Nzeru ya Reijo inali iyi:
tenga mutu wa mndandanda, uupatse nambala,
zotsalazo udzipatsire wekha,
udziitanenso, mutu wina, zotsala zina.
Ukaona kuti chatsala chitseko chimodzi, malizira pomwepo.

Ndayesa nsanjika yoyamba, yadutsa.
Yachiwiri, yachitatu, mpaka yachisanu, bwinobwino.
Yachisanu ndi chimodzi ndiye iyo.
Ndayang'ana pulani ija: ndi kachipinda ka makina opopa mpweya,
kolowera ndi makwerero, kudzera pachiboo cha m'denga.
Chitseko mulibe ngakhale chimodzi.

Ndiye pulogalamu yosauka idalandira mndandanda wopanda kanthu,
n'kufunsa, kodi chatsala chimodzi? Ayi.
Idadula mutu wa chinthu chopanda mutu,
n'kudziitananso, kodi chatsala chimodzi? Ayi.
Kuyembekezera mlendo amene sadanyamuke n'komwe kwawo.

Pamwamba pake pali mawu a Reijo,
amene makina sawerenga, olembera anthu okha:
Nsanjika yopanda chitseko kulibe.

Mankhwala ake ndi mzere umodzi.
Ngati mulibe kanthu, bweza nil, pita ukagone.
Ndasindikiza batani.
Zitseko mazana anayi ndi zisanu ndi zinayi zalandira manambala
ndisanameze malovu.

Ndamuimbira.
Ali pa Näsijärvi, wakhalira ndowa pamadzi oundana,
mbedza ili m'kabowo, mphepo ikulira m'foni.
Ndamufotokozera zonse.
Nanga anthu amalowera pati? wafunsa.
Kudenga, ndayankha.
Wakhala chete nthawi yaitali
moti ndimayesa foni yaduka.

Usafufute mawu angawo, watero pomaliza.
Ungolemba tsiku la lero pansi pake,
ndi dzina lako.
Udzafuna kuti wina adzakuimbire nawenso.

Ndalemba: Sirkku, Januwale, kunja kuli mdima.
Kapu ya Aulikki ndaitsuka
n'kuibwezera pomwe inali, chogwirira kumanzere.