Lachinayi pa Kaphatenga

Anabwera naye m'mawa aphunzitsi a Gomonda,
kalata ya sukulu itanyowa ndi thukuta.
Amvekere, uyu ndi Esinala, wa Fomu 3,
tsiku limodzi pa sabata akhale wanu.

Ndinayang'ana masokosi ake oyera,
ndinayang'ana pansi pa shedi yanga,
zidutswa za malata, girizi, dzimbiri.
Chamumtima ndinati, uyu safika Epulo.

Tsiku loyamba lomwelo anaba ndi diso,
kusuzumira moto wopanda galasi.
Usiku wonse, akuti, m'maso munali mchenga.
Ndinati basi, zathera pomwepo.
Lachinayi linalo ndinampeza pakhomo
ndisanatsekule n'komwe,
akusesa.

Mwezi wathunthu ndinampalitsa dzimbiri.
Osadandaula. Koma mafunso!
Bwanji ndodo iyi ikumata, iyi ayi?
Bwanji mumayeza ndi chikhatho tepi ili m'thumba?
Mwana iwe, ine ndinalekezera Sitandade 5,
dzanja langali ndiye tepi.

Tsiku lina magetsi atathima,
tili tong'o pansi pa mtengo wa nimu,
anatola khala n'kulemba palata:
geti la Che Jafali, mapaipi asanu ndi awiri,
osati asanu ndi atatu monga ndigulira ine.
Ndinaseka. Tinadulabe mmene ananenera.
Paipi imodzi inatsala yathunthu,
itatsamira khoma ngati ikundinena.
Zaka makumi awiri, abale,
ndikugulitsa phindu langa kwa anyamata a zitsulo zakutha
pa mtengo wa kilo.

Lero wabwera ndi fomu ya kusukulu,
timabokosi ting'onoting'ono, Chingerezi chokhachokha.
Ndaitembenuza kawiri.
Iye waona, koma sananene kanthu,
wangoyamba kuwerenga mokweza
ngati akudziwerengera yekha:
Kodi amafika nthawi yake?
Kodi amamva zonena?
Waphunzirapo chiyani?

Lemba wekha, ndamuuza, ine ndingosaina.
Wakana. Akuti kumeneko n'kubera mayeso.

Ndiye ndagwira bolopeni
mmene ndigwirira ndodo pa lata lopyapyala,
pang'onopang'ono, ndingaboole pepala la eni,
ndipo kunja kwa timabokosito ndalemba m'Chichewa:
Pamene wawotcherera uyu sipathyokanso.

Ndafunafuna kabokosi kofunsa za ine,
zimene ndatolapo miyezi inayi imeneyi.
Sanaikepo.

Babu layaka.
Ndisanabweze n'komwe bolopeni
iye watsitsa kale galasi kumaso,
ndipo windo la chipatala cha a Nkhwangwa
likudikira pansipo, ngodya ziwiri zisanagwirane.