Buku la Ngongole

Mvula isanadule chaka chino
jeneza yatuluka kasanu pa mzikiti wathu kuno ku Katuli,
bokosi kamodzi ku tchalitchi cha kutsidya kwa mlatho.
Ine si shehe, si mlembi wa boma.
Ndimagulitsa mchere, machesi ndi sopo woduladula,
koma ambiri a iwo ndili nawo
m'buku la chikuto chonona mafuta, pansi pa sikelo.

Tsamba lachitatu: Che Lajabu, telala.
Mabatire anayi, ulusi wakuda.
Ankati ndizilemba ndi pensulo,
inki ndi ya anthu osakhulupirirana.
Zaka makumi atatu akudula nsanda za anzawo
osapempha muyeso,
msinkhu wa aliyense anali nawo m'maso.
Yawo anadula ndi mnyamata wophunzira ntchito.
Inaperewera kumapazi.
Tinachita kulumikiza.

Abiti Sumani anakana kulembedwa dzina.
Ndinangojambula nkhuku pafupi ndi mtengo wa shuga
poti ankalipira ndi mazira,
awiri lero, limodzi Lachisanu,
lina losukusa, ndipo tinakangana sabata yathunthu
mpaka anthu kusiya bawo kudzaonerera.
Ndi iwo anandilandira pobadwa, ankatero amayi,
usiku womwe galimoto ya ku Namwera inatitimira m'matope.
Nkhuku ija ikadalipo, mwendo umodzi wautali.

Twaibu. Mayunitsi a faifi handiredi,
tsiku lomwe ankakakwera basi ya ku Joni.
"Ndikakutumizirani ndi foni yomwe, bwana."
Foni inabweradi,
mu jumbo, pamodzi ndi nsapato zake,
mwini wake ali pangolo kumbuyo kwa galimoto,
masiku asanu ndi anayi panjira.
Nyumba yake inalekera m'mawindo.
Mbuzi zikugona pomwe ankati padzakhala pabalaza.

Aphunzitsi Chikalimba: makandulo, choko, panado.
Pakutha pa mwezi ankabwera atavala tayi
kudzandiuza mwaulemu kuti malipiro achedwa.
Manda awo anakumba ndi anyamata a ku madrasa
poti Akhristu kuno ndi owerengeka
ndipo nthaka inali gwa.
Theka la okumbawo anadyapo chikoti chawo
pa samu zochotsera.

Kamwana ka Asiyatu kanalibe tsamba.
Kankabwera ndi ndalama m'chibakera chonyowa thukuta,
katumidwa mchere,
n'kuima duu kuyang'ana botolo la masiwiti
mpaka ine kuchita manyazi.
Malungo a masiku awiri basi.
Botolo lija ndalisuntha,
lili kuseri kwa mapaketi a tiyi.

Maliro alionse, tisanapite kumanda,
shehe amatembenuka n'kufunsa:
"Alipo amene malemuwa anali naye ngongole?
Anene pano, m'bale wathuyu apite wopepuka."
Maso onse amabwera kwa ine.
Ndimayang'ana zala za kumapazi,
n'kupukusa mutu.

Koma pa maliro a Che Imedi
funso linali lomwelo, ndipo linandiphonya.
Iwo mulibe m'buku langa.
Ndine ndili mu lawo,
likanakhala kuti ankadziwa kulemba:
malata asanu ndi limodzi afolera okalayi,
ndi njinga yomwe ndinkapikulira katundu ku Chiponde
chaka chomwe fodya anandigwetsa.
"Udzabweza ukadzalemera."
Chaka ndi chaka ankasuzumira pa windo,
kuyang'ana mashelefu, n'kuseka:
"Sunalemerebe."
Palibe anafunsa ngati wina anali ndi za malemu.
Ndinathira dothi katatu, dzanja likulemera.

Mkazi wanga akuti ndithothole masambawo,
mapepala akulungire kapenta,
akufa salipira.
Akunena zoona.
Dzulo ndinatenga labala,
ndinayambira pa Che Lajabu poti ndi pensulo.
Ndinafufuta mabatire awiri.
Ndinaleka.

M'mawa uno mwana wa Twaibu wabwera,
wamtali ngati bambo ake, mano otalikirana chimodzimodzi.
Akuti amayi ati sopo, adzapereka chimanga chikauma.
Ndatsegula buku kufuna tsamba loyera.
Latsala limodzi, kuchikuto.
Ndalisiya.
Ndamulemba mmunsi mwa mayunitsi aja.