Lachinayi

Ku Valparaíso nyumba zimakakamira phiri
ngati nkhupakupa pa khutu la ng'ombe,
ndipo ine Heriberto ndinasankha ya pamwamba penipeni,
masitepe zana ndi makumi anayi kuchokera pamsewu,
poti munthu wokonda mawondo ake sangafikeko.

Ndinasamuka kanayi m'zaka ziwiri,
usiku wokhawokha, osatsanzika.
Dzina ndinalisiya padoko
pomwe ndinkamanga zingwe za sitima.
Ndinasiya mkazi. Ndinasiya Amaro, mwana wanga,
dzanja lake lili m'chikhakha.
Ndinalithyola ndine, Loweruka lina, vinyo atandikwera.

Inu Mulungu ndinkakuyesani wodzatolera ngongole.
Ndikamva mapazi kumunsi kwa masitepe
ndinkazimitsa nyale, kugwira mpweya,
n'kumawerenga zimene mukanalanda mutathyola chitseko:
mabotolo, jekete lonunkha nsomba,
chiwindi chotupa.

Koma amene anagogoda ndi mayi Eduvigis,
okalamba, a mwendo umodzi wotupa,
otsuka mapoto ku katchalitchi ka malata ka kumunsi.
Anafika akupuma ngati mvukuto.
Anaika buledi ndi msuzi wa nyemba pakhomo
nalankhulira pa mng'alu: "Ndibweranso Lachinayi."
Sanafunse ngati ndikufuna.

Lachinayi ndinawatukwana.
Lachinayi linalo ndinakhuthula msuziwo iwo akuona,
unatsetsereka masitepe asanu ndi awiri,
nkhunda n'kudzatola nyembazo.
Ndinathawira kuphiri lina, kuseri kwa manda.
Anafunsa kwa wogulitsa mowa, anandipeza.

Ndiye ndinati ndiwauze zonse kuti anyansidwe.
Ndinawauza mmene fupa linalirira, thyo! ngati nkhuni youma,
mmene mwanayo sanalire,
anangondiyang'ana ngati akufunsa kuti walakwa chiyani.
Kunja kunangoti zii.
Kenaka ndinawamva akukhala pansi, msana pachitseko,
wanganso uli pomwepo,
thabwa lokha pakati pathu.
"N'choipa chimenecho," anatero. "Choipa zedi."
Sitima inalira kunyanja. Chifunga chinkakwera.
"Mbale ija undibwezere, ndi ya eni.
Ndidzathiramo za Lachinayi."

Ambuye, kusaka kotani kumeneku?
Ndinakonzeka kudzakumana ndi chikwapu,
ndikanachipirira, ndikanati talipirana.
Koma izi za nyemba, izi za mwendo wotupa
wokwera phiri chifukwa cha munthu wosati zikomo,
izi zandifoola nkhongono.
Inu mukudziwa kuwawa kwa dzanja kuposa ine,
lanu linabooledwa ndi msomali,
ndipo ndi lomwelo mukugogodera.

Ndisaname, sindinachire.
Manja amanjenjemerabe m'mawa,
kapu ya tiyi ndimaigwira ndi onse awiri.
Mwezi wathawu ndinagwanso, masiku atatu osadziwa dzuwa,
ndinadzuka nditafunda bulangete losakhala langa.
Kalata yopita kwa Amaro ili pansi pa pilo,
mizere itatu, wachitatuwo wofufutafufuta.
Mwina sadzayankha. Ali ndi ufulu wonse.
Mayi Eduvigis akuti sitampa agula kale,
ili m'chikwama chawo pamodzi ndi mankhwala a mwendo,
ndipo sinawaolerepo.

Kupemphera sindidziwa.
Ndimangoti, ndili pano,
ngati mwana wobisala amene watopa ndi masewera
ndipo mdima wayamba kumuopsa.
Ndili pano. Mukudziwa kale.
Munafika ndisanafike m'zipinda zonse zinayi zija,
munali pa matiresi onyowa aja,
munamva zonse zimene ndinakunenani.

Lero ndi Lachinayi.
Mphepo ya Juni ikuwomba zovala za anthu pazingwe,
makontena ofiira aunjikana padoko ngati njerwa.
Ndameta ndevu, ndadzicheka pawiri.
Mbale ndaitsuka.
Ndikuwaona kumunsi uko, kadontho kakuda,
aima pa sitepe ya makumi atatu, dzanja pachifuwa.
Chitseko ndachisiya chosatseka.
Ndikutsika,
mawondo akugundana,
ndikawalandire poto.