Kamlatho ka Remigiusz

Lachinayi usiku ku Łódź.
Tiramu yomaliza yadutsa kunsi kwa zenera langa
ikukwecha njanji zozizira,
ine ndikadali pa mutu wachisanu ndi chinayi
wa buku lomwe palibe anatilemba ganyu kuti tilembe.

Ndi buku la malangizo chabe,
la pulogalamu yosungira mayina a mabuku
m'malaibulale ang'onoang'ono:
poyambira, podina, pothawira zikavuta.
Tilipo asanu ndi awiri. Sitinapatsanepo moni wa padzanja.

Halszka wa ku Gdańsk amalemba mu XML.
Liwu lililonse amalitsekera m'khola lake,
chipata kutsogolo, chipata kumbuyo,
ukaiwala kutseka chimodzi, tsamba lonse limanyanyala.
Benedykt safuna zimenezo.
Iye n'tinyenyezi tiwiri uku, tiwiri uko,
basi liwu lanenepa.
Mayi Gryzelda amatumiza fayilo ya ku ofesi,
mitu yofiirira, mizere yopendekeka,
ndipo ndani angawadzudzule,
poti ndi okhawo amadziwa zimene wowerenga sadziwa?

Pakati pathu pali kamlatho.
Anakamanga Remigiusz akadali pasukulu,
nyengo ina ya chisanu,
kuti zolemba zonsezi ziziwolokera tsidya limodzi
n'kusanduka tsamba la pa intaneti ndi PDF.
Kenako anapeza ntchito ku Rotterdam, anabereka mapasa.
Makalata athu sayankha.

Usiku uno ndawolotsa mutu wanga.
Tebulo la mizati inayi lafika tsidya lija
ngati mpando wogwa pangolo.
Mawu a m'munsi, nambala khumi ndi zinayi, amira.
Dzina langa, Zdzisław, latuluka ndi funso pamimba,
ndipo mzinda wanga watsala ndi chilembo chimodzi,
d yekhayekha pakati pa mafunso atatu.
Ndaseka. Zimenezo n'zazing'ono.

Koma pa ndime ya chenjezo ndasiya kuseka.
Halszka anakuta kaliwu kokana, nie,
m'makola awiri, kuti kaoneke patali.
Kamlatho sikanazindikire khola lachiwirilo,
kameza khola ndi mbuzi yomwe.
Pomwe tinati musafufute nkhokwe musanakopere,
tsopano pakuti fufutani.

Zaka makumi atatu ndinasanja zilembo zamtovu
kuseri kwa fakitale ya nsalu.
Chilembo chinali ndi kulemera kwake.
Chikagwa, chinkalira pa simenti, nkii,
unkawerama n'kuchitola.
Izi zimagwa mwakachetechete
ndipo tsamba limaoneka loyera, lodzikhulupirira.

Ndaganiza za mayi wina yemwe sindimudziwa,
mu laibulale ya chipinda chimodzi cha kufupi ndi Suwałki,
magalasi pamphuno, chala pa mzere wathu,
akutikhulupirira.

Ndiye ndatsegula mimba ya kamlathoko,
ine wosadziwa chinenero chake,
ndikupapasa ngati wofuna machesi mumdima.
Pa mzere wa mazana awiri ndi khumi ndi awiri
ndapeza mawu a mnyamata uja, olembera iye mwini:
apa n'pongogwirizira, ndikonza mawa.
Deti lake n'la zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo.

Sindinamukwiyire.
Nanenso ndili ndi mawa anga ambiri m'madilowa.

Sabata yamawa tidzakangananso.
Benedykt adzati tisamuke tonse, tiyambe mwatsopano,
Halszka adzafunsa kuti masamba mazana atatu asenza ndani,
Mayi Gryzelda adzatumiza chithunzi cha mphaka wawo.
Walira mvula walira matope, ndidzatero ine,
ndipo palibe adzandimve.

Pakali pano tiyi wazizira.
Ndabwezera kaliwu kaja ndi dzanja, zilembo zitatu,
ndakasiya pabwalo, kopanda khola.
Ndawolotsanso. Kafika.
Pansi pa mawu a Remigiusz ndalembapo anga:
sindinakonze, ndangozungulira,
wobwera pambuyo panga, yang'ana tsamba lililonse ndi maso.

Dzina langa ndalisiya ndi funso lake.
Kunja chipale chayamba kugwa pa njanji.