Chingwe cha Belu ku Rosettenville

Faifi koloko, mdima usanasanzuke pa malata,
ine ndimaliza belu.
Chingwe chimaluma m'manja ndi chisanu cha Juni,
maminibasi opita m'tauni amayankha ndi mahutala.
Sindine mmonke ayi.
Ndine Lekitala Kamchacha wa ku Bembeke,
anandilemba kuthirira kabichi ndi kumanga mipope,
koma mapewa a M'bale Kolumbani anatha,
chingwe n'kugwera ine.

Atsala atatu
m'nyumba ya zipinda makumi anayi.
Akamayimba masalimo, mipando yopanda anthu
ndiyo imapolokoza.

M'bale Kolumbani amati zonse zinayamba ndi chingwe.
Mnyamata wina, kutsidya kwa nyanja zamchere,
anatopa ndi phokoso la mzinda
nakabisala m'phanga la pathanthwe.
Mnzake ankamutsitsira buledi m'dengu,
kabelu kali kunsonga kuti adziwe zafika.
Ofuna kukhala chete anamulondola,
anachuluka, anagawa tsiku ngati nzimbe,
mfundo iyi pemphero, mfundo iyi khasu, mfundo iyi tulo.
Anaumitsa madambo, anaweta njuchi,
anakopera mabuku pamanja mpaka maso kuchita nkhungu.
Patapita zaka zosawerengeka ndi zala
ena anakwera chombo, kenako sitima ya pamtunda,
nadzatsikira pano,
pamene anthu ankalowa pansi amoyo kukasaka golide.
Othawa mzinda aja, mzinda unawameza.

Agogo anga aamuna, a Zefaniya, anabwera ndi Wenela,
nambala pamkono, fumbi m'chifuwa.
Akatuluka mumgodi ankadutsa pakhomo lino,
m'bale wina wamtali n'kuwagwira dzanja pa sileti:
iyi ndi Z, ili ngati njira yotsikira ku Golomoti.
Kalata yoyamba imene analemba okha
tikadali nayo m'chitini cha mabisiketi.
Muli mawu asanu ndi awiri basi,
awiri mwa iwo ndi olakwika.

Ine sindinabwere kudzafuna mbiri.
Ndinabwera ndikuthamanga, nsapato imodzi,
usiku umene ankasaka alendo khomo ndi khomo
n'kufunsa dzina la chigongono m'chinenero chawo.
Geti linatseguka ndisanagogode kachiwiri.
Sanandifunse pasipoti.
Anandifunsa ngati ndadya.
Tinagona anthu zana m'chipinda cha mabuku,
Amozambiki, Asomali, mayi wa ku Lubumbashi
amene anachira mbandakucha pansi pa shelefu,
mwana n'kumutcha dzina la nyumba ino.

Lero m'makalasi awo akale mumasokedwa makatani.
Dokotala wina wa mano amabwera pa Khirisimasi
ndi bokosi la mapichesi,
amati a, e, i, o, u anaphunzirira apa.
Sabata yatha kunabwera anthu a zisoti zoyera
ndi tepi yoyezera,
anayeza mpaka pa bedi langa la anyezi.
Akuti pangakwane mafulati makumi asanu ndi limodzi.

M'bale Kolumbani wayamba kuyiwala mayina.
Dzulo ananditcha Zefaniya.
Sindinamukonze.
Ndinangomuveka chipewa, ndinamukankha panjinga yake
mpaka pansi pa mtengo wa jakaranda,
iye n'kundifunsa ngati dengu latsika.

Latsika, M'bale. Buledi alimo.

Mawa faifi koloko ndidzadzukanso.
Kwathu mawuwa ali pawiri:
ndimaliza belu,
kapena ndimaliza belu.
Sindikudziwa kuti ndikunena liti.
Chingwe chokha ndicho chikudziwa,
ndipo chayamba kuthetheka pamene ndimagwira.