Buku la Mbuzi ku Chinguluwe

Buku la gulu ndimasunga ndine,
m'jumbo ya shuga, pamtanda wa denga,
poti chiswe cha kuno sichidziwa kuwerenga
koma maina chimadya.

Tsamba loyamba ndi la tonde.
Anabwera pa matola atamangidwa miyendo,
mutu wofiira, thupi loyera,
makutu olendewera ngati fodya wofota.
Tinasonkha mabanja makumi awiri ndi atatu,
ena za thonje, ena za makala,
Abiti Mdoka nkhuku ziwiri ndi mawu ambiri.
Tinamutcha Ngongole.
Fungo lake limafika pamjigo mwini wake asanadzuke.

Khola tinamanga lam'mwamba
kuti ndowe zizigwera pansi.
Lolemba amasesa a Kambwiri, Lachiwiri ife,
Lachitatu ndi la mkangano.
Ana akaweruka amatola nyemba za nsangu m'malaya a sukulu.
Manyowa timagawana poyeza ndi ndowa,
ndipo tonse tikudziwa kuti ya a Kambwiri
inamenyedwa pansi kuti ikule mimba.

Lamulo ndi limodzi, ndinalemba ndekha ndi bolopeni yofiira:
mwana woyamba wamkazi si wako,
ndi wa dzina lotsatira.

Yanga inaswa mu Febuluwale, pakati pa usiku,
mvula ikumenya cham'mbali,
mtsinje utadzaza, foni ya alangizi itazima.
Kanabwera chakumbuyo.
Tochi kukamwa, sopo m'manja,
ndinapisa dzanja mpaka m'chigongono
kufunafuna kamwendo mumdima wofunda.
Katatuluka sikanapume.
Ndinakapukuta mphuno ndi chitenje changa cha kutchalitchi,
ndikukanong'oneza mawu amene sindinauzepo ana anga,
mpaka kanayetsemula.
Kakakazi.

Kutacha ndinatsitsa buku.
Dzina lotsatira ndinkalidziwa kale,
koma ndinayendetsabe chala, mwina lasuntha usiku.
Lekeleni.

Lekeleni amene anazula chinangwa changa cha m'malire
n'kudzalapo nthochi zake.
Zaka zitatu tikupingasana pamjigo
aliyense akuyang'ana chigubu chake.

Bolopeni inali m'dzanja langa.
Ndani anaona? Mvula yokha.
Ndikanalemba kuti kamuna,
n'kukapititsa kwa mchemwali wanga ku Thavite kasanamere nyanga.
Ndinakhala pamenepo mpaka tiyi anazizira,
ntchentche n'kumira momwemo.
Ngongole ankandiyang'ana pakati pa mitengo ya khola,
akubzikula, ndi maso ake aja opingasa
a munthu amene anagulidwa ndi mabanja makumi awiri ndi atatu.

Ndinalemba zoona. Zilembo zinapendama, koma ndinalemba.

Miyezi inayi ndinakanenepetsera mdani.
Madeya anga, mchere wanga,
nkhupakupa ndinkachotsa ndi zikhadabo imodzi imodzi.
Tsiku lopatsirana anthu anadzaza pansi pa mtengo wa nsangu,
wina kuombera m'manja, wina kujambula.
Lekeleni analandira chingwe osakhudza zala zanga.
Anakatsegula kukamwa, anakagwira msana,
nati kwa mphepo: kawonda.

Usiku umenewo sindinadye.

Koma mbuzi sidziwa malire.
Dzuwa likapendeka kamadula chingwe,
kamadutsa pa nthochi zija, kuthyolako tsamba,
n'kudzaima pansi pa khola kakulira mayi wake.
Tsiku loyamba anatuma mwana.
Lachiwiri anatumanso mwana.
Lachitatu mwana anali kusukulu.

Ndinali kusenda mtedza pamene ndinamva,
mawu okhakhala ngati chitseko chimene chakhalitsa chosatsegulidwa:
Odi.

Sindinadzuke msanga.
Ndinamaliza kaye mtedza unali m'manja.
Anaima pamenepo, chingwe chodukacho chikulendewera,
kenako anafunsa, maso ali pa mbuzi,
kodi kanazolowera kudya chiyani.

M'buku mulibe mzere wolembapo zimenezi.
Pali tsiku, dzina, mtundu, ndi malo a chidindo cha chala.
Ndinangoika kadontho kofiira m'mphepete,
kamene msonkhano ukadzafunsa
ndidzati bolopeni inadontha.