Dontho Lomaliza

Ku Ulongwe, Lachinayi masana,
mbali ya chipinda yomwe denga silidontha,
tinazinga tebulo anthu makumi anayi
kuti tione buleti imodzi yokha,
galasi lowonda ngati bango
lomwe linabwera pa chapa kuchokera ku Tete
litakulungidwa m'kapulana.

Mankhwala osintha mtundu anatha chaka chatha.
Aphunzitsi a Sipiriyano anawiritsa chidede m'chitini,
ife tinasefa chidulo cha mapesi,
Felizarida anafinya mandimu mpaka zala kunyereza.

"Gwada," anatero kwa ine.
"Diso lilingane ndi mzere wa madzi.
Ukawerenga uli chilili, galasi limanama."

Simenti inali yozizira.
Ndinapotoza kampopi pang'ono.
Dontho. Ndigwedeze botolo. Dontho.
Zobiriwira zija zinkafiira, n'kuchita manyazi,
n'kubwerera mwakale.
Wina anayetsemula kumbuyo kwanga,
dzanja linandithawa,
botolo lonse psuu!

Anzanga anafa nacho chikhakhali. Iwo ayi.
"Lemba nambalayo. Tsuka. Yambanso."

Ziwiri zotsatira zinagwirizana ngati mapasa.
Yoyamba ija inaima payokha, yonenepa, yochititsa manyazi.
Ndinatulutsa labala.
Chala cha choko chinatera pa kope langa:
"Isiye. Pambali pake ulembe chomwe chinachitika."
Ndinalemba: Bonifasiyo anayetsemula.

Madzulo ndinadutsa m'minda ya kachewere,
zikhadabo zili zofiira.
Kunyumba amayi ankathira chidulo m'therere
osayeza, akulankhula ndi aneba.
Ndinagwada pambali pa mphika,
milomo ikuwerenga yokha.